Wotchi Yosunga Nthawi ya Kwa Eni

Ng'ombe, Lusaka
10 Malichi 2024

Alongo anga a Judith,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Kaya muli bwanji kumudziko, inu, alamu ndi amayi? Ife kuno tili moyo, dzuwa lokha ndilo latiwamba. Mwana wanu Belinda ali bwino ndipo maphunziro ake osoka akuyenda. Wapeza tchalitchi chatsopano cha m'tenti, kumene amapemphera mpaka mawu kusasa.

Mudzati Hosea sasintha, anzake onse ali pa foni iye akadali ndi pepala. Chibwibwi changa mukuchidziwa. Pa foni mayunitsi amatha ndisanamalize moni, pamene cholembera sichikakamira pa mawu. Choncho Blackson, kondakitala wa basi ya ku Chadiza, apitirize kutinyamulira makalata.

Nkhani ndi iyi. Abwana anga a Nigel, mzungu wokalamba amene ndakhala ndikumulimira maluwa ku Roma, dera la olemera kuno ku Lusaka, agwidwa sitiroko. Mwana wawo Karen anabwera n'kupita nawo ku Mangalande. Nyumba aikhoma, ntchito yanga yaima, ndikudya za maganyu. Koma andisiyira katundu woti ndisunge, ndipo musaseke.

Ndi wotchi ya m'sitima ya pamadzi. Imakhala m'kabokosi ka thabwa lofiirira, kofanana ndi kaja timaponyamo chopereka. Wotchiyo ndi yamkuwa ndipo yalendewera pa mphete ziwiri, moti bokosi ungalipendeke chotani, iyo imangokhala chagada. Anaipanga choncho chifukwa cha mafunde. Agogo awo a Nigel anali m'malinyero. Zaka zoposa zana zapitazo anakwera sitima yamatabwa kupita kumwera kwenikweni, kumene kulibe mtengo kapena mudzi, madzi oundana okhaokha, ati kukaona pothera dziko. Nyanja inauma gwa n'kuigwira sitimayo, dzuwa linalowa osatulukanso miyezi ingapo. Mumdimamo wotchi iyi ndiyo inkawauza kuti kwacha.

Siisonyeza nthawi yathu, ili m'mbuyo ndi maola awiri. A Nigel anandiuza kuti wotchi ya sitima saikonza kuti ifanane ndi kumene wafika. Imasunga nthawi ya kwanu kumene unanyamukira, ndipo ukaiyerekeza ndi dzuwa la kumene uli, umadziwa mtunda umene watalikira. Lamulo la pa sitima linali lakuti woyang'anira wotchi asadye m'mawa asanaipukuse, kuopa kuiwala. Agogowo anasunga lamulolo, mwana wawo analisunga, a Nigel analisunga, lero lagwera ine mwana wa a Nambewe.

Ikapukusidwa imayenda masiku awiri okha. Kuti uinyamule pa ndege kapena pa basi uyambe waiimitsa, apo ayi za m'kati zimathyoka. A Nigel anakana kuti iimitsidwe. Pakamwa pawo papotoka, mawu akuwavuta kuposa ine, koma anandigwira dzanja nati, "Hosea, isaime. Ndibwera." Ine ndinavomera.

Motero pa Pasaka sindifika monga ndinalonjezera. Muwauze amayi mofatsa. Ndatumiza shuga ndi mafuta opaka miyendo yawo.

Ine mlongo wanu,
Hosea

Chadiza
24 Malichi 2024

Alongo anga a Hosea,

Moni wanu tinalandira, shuga ndi mafuta zinafika. Kalata ndinawawerengera amayi kawiri. Anaseka mpaka chifuwa kuwagwira, ati mwana wanga wasanduka mlezi wa wotchi. Ine ndinati bola mzunguyo akanakusiyirani galu, akanakuuwirani akuba.

Koma kuseka kwathera pomwepo. Kuno zinthu zaipa. Chimanga chinapsa chili m'chiuno, m'munda monse simungatuluke ngakhale dengu. Mwana wa msuweni wathu Luse, wakhanda uja, tinaika sabata yatha, anatsekula m'mimba masiku ochepa basi. Amayi kutupa kwa mapazi kuja kwafika m'mawondo, ndipo akayenda pang'ono amapumira m'mwamba. Ku chipatala akuti ndi mtima, anawapatsa timapiritsi.

Inu muli ndi mayi mmodzi. Wotchi zili mbwee pamsika, zina zolira ngati tambala. Pezani munthu aziipukusa, mubwere muwaone akadali okhoza kukutukwanani. Paja zengerezu analinda kwawukwawu.

Amayi eni akewo sakudandaula za iwo. Nkhawa yawo ndi imodzi, yoti mukumadya mochedwa. Akuti kuyambira muli mwana, mukachedwa kudya mutu umakuwawani. Mukatha, tumizani ufa.

Ine,
Judith

Ng'ombe
14 Epulo 2024

Amama,

Muli bwanji? Ine thupi ili chabe bwino, koma mtima ayi. Vamene nifuna kukamba siningakambe pa foni ya ba neba banu, chifukwa banthu bonse bamamvela. Mubelenge mweka.

Ba malume bali na chinthu mu nyumba. Beve bakamba ati ni nkoloko, koma amama ine nkoloko niziziba. M'mawa uliwonse bamagwada, batsegula bokosi, bachigadabula, balowetsa ka kiyi. Milomo iyenda koma mau siyamveka. Sibadya, olo madzi sibamwa, mpaka chija chiyambe chalandila. Tsiku lina pamene banachoka ninapendeka bokosi. Chinakana kupendeka, chinali chabe kuniyangana. Nthawi yamene chionetsa si yathu. Malaiti yakayenda, mu nyumba muli zii, chimveka monga mtima wa munthu.

Pa Sondo ba papa, abusa ba ku tchalitchi kwathu, banaimilila pakati pa pemphelo, bakamba ati pali mwana pano, kunyumba kwao kuli guwa ya mizimu ya m'madzi. Ine sininabauzepo kanthu. Ninagwa pansi. Pambuyo ninabafotokozela, banafunsa ati chinachoka kuti? Nati mu nyanja. Banagwila kumutu.

Banati nikufunseni vinthu vibili. Ambuya banayamba liti kuvimba maningi? Mwana wa ba Luse anafa liti? Mupende mweka na pamene chinthuchi chinangena mu nyumba.

Ba malume banisunga bwino, sibananichitepo choipa. Ndiye chamene chiniyofya maningi. Ba papa bakamba ati banthu bochita vamene ivi ndiye bamankhala ofatsa. Nileka kudya vakudya vao. Munipemphelele.

Mwana wanu,
Belinda

Ng'ombe
21 Epulo 2024

Alongo anga,

Moni nonse. Za mwana wa Luse zandikhudza, mumupepesere m'malo mwanga. Ndatumiza thumba la ufa, lina litsatira maganyu akayenda.

Mawu anu ndinawamva ndipo ndinayesa. Ndinamuitana Belinda kuti ndimuphunzitse kupukusa, ine ndibwere kumudzi. Si ntchito yovuta, umangotembenuza wotchiyo, kulowetsa kiyi n'kumawerenga chamumtima kuti usapitirire muyeso. Mwanayo anatuluka chothawa ngati ndamuonetsa njoka. Masiku ano sakudya pakhomo pano, akuti akusala. Kaya ndi za tchalitchi chake, kaya kuli mnyamata, ine sindidziwa. Kusiyira aneba sindingathe. Anyamata a kuno amazula ndi mipope yomwe kukagulitsa kwa a zitsulo zakale, nanji mkuwa wonyezimira.

Mwina mukuti ndapenga, kutaya amayi chifukwa cha chidole cha mzungu. Ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Moyo wanga wonse anthu amandimalizira mawu. Ndikati ndiyambe, wina walumphira kale, n'kunena zimene sindinafune kunena. Inunso mumatero, alongo, ngakhale mumachita mwachikondi. A Nigel okha ndiwo ankaima, khasu langa lili pansi, n'kudikira mpaka ndimalize. Munthu wotere wandipempha chinthu chimodzi chokha, pakamwa patapotoka. Ndikachitaya ndidzakhala munthu wanji?

Ndikamaipukusa ndimaganiza za agogo aja. Pa sitimapo chakudya chinachepa, nkhama zinawola, anthu anayamba kufa, ndipo poti nthaka kunalibe ankawaika m'ming'alu ya madzi oundana. Kuzizira kutanyanya, mkuluyo ankagona atakumbatira bokosili pamimba kuti mafuta a m'kati asaume. Zala zitatu zinamuthothoka, anapitiriza kupukusa ndi zotsalazo. Anthu anafa, iyo inapitirira kuyenda, ndipo madzi atasungunuka ndiyo inalondolera otsalawo kwawo. Magetsi akathima kuno ndimaimvera, mtima wanga n'kukhala pansi.

Pa geti la ku Roma ndimapitako kukafunsa, koma alonda amasinthasintha, palibe akudziwa kanthu. Ndikhulupirira Karen atumiza mawu posachedwa. Akangotero, ndanyamuka. Amayi muwauze kuti ndikudya, asade nkhawa.

Ine,
Hosea

Chadiza
26 Meyi 2024

A Hosea,

Kalata yanu yafika patapita mwezi. Basi ya Blackson inali pa njerwa itawonongeka, ndipo pamene inkafika, ya Belinda inali itayenda kale m'manja mwa anthu. Ndinalakwa kuionetsa kwa alamu anu, iwo anakaionetsa kwa atsibweni a Jameson. Tsopano mudzi wonse ukudziwa kuti ku Lusaka muli ndi chinthu chimene mumachigwadira musanadye.

Atsibweni anaitanitsa banja. Ine ndinakuimirani, ndinati mlongo wanga ngakhale nkhuku amaopa kuzinga. Ndinatulutsa kalata yanu kuti ikuyeretseni, koma ndiyo inakumangani. Mwalemba ndi dzanja lanu kuti anthu anafa, iyo n'kupitirira kuyenda. Mwalemba kuti mukaimvera mumdima mtima wanu umakhala pansi. Mwalemba kuti munafuna kumuphunzitsa mwana wanga. Pamenepo ine ndinapinda kalatayo n'kukhala pansi. Atsibweni anangoti utsi sufuka popanda moto.

Amayi anamva zonse ali m'nyumba. Anakwawa mpaka pakhomo n'kuwagenda atsibweni ndi ndodo, ati amene akufuna mfiti akaifune m'mimba mwa mayi wake. Kuchokera tsiku limenelo sanadzukenso. Kutupa kwafika m'mimba. Tikuwatembenuza ndife.

Ine sindidziwa choti ndikhulupirire, ndatopa. Njala, maliro, matenda, zonse chaka chimodzi. Ndikufunsani chinthu chophweka. Ngati ndi wotchi chabe, isiyeni iime. Wotchi ikaima safa munthu. Bwerani anthu akuoneni mukudya m'mawa popanda kugwadira bokosi, nkhaniyi ithe. Mukakhalabe komweko, mwayankha nokha. Mapanga awiri avumbwitsa, sankhani limodzi.

Judith

Ng'ombe
9 Juni 2024

Alongo anga a Judith,

Ndimati moni, ngakhale inu simunandipatse. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa siteshoni, Blackson ndiye anandikhazika pa thumba la makala. Mwana amene ndamusunga ngati wanga amandiona wa satana, ine n'kumamusiyira buledi patebulo kuganiza kuti akusala. Zandipweteka kwambiri. Ndinayesa kulankhula naye, mawu anakana, iye n'kuyamba kupemphera mokuwa.

Ndasankha. Lachinayi ndidzaipukusa kotsiriza n'kukwera basi ya Blackson. Loweruka idzaima yokha ine ndili pambali pa amayi, ndipo onse adzaona kuti palibe chachitika. A Nigel ndidzawapepesa, ngati mawu adzalola. Ndagulitsa njinga, ndagula matumba a ufa oti ndibwere nawo.

Amayi muwauze kuti ndodo yawo asaitaye, akandikwapule nayo chifukwa chochedwa.

Hosea

Ng'ombe
20 Juni 2024

Amama,

Pepani maningi, pa malilo ya ambuya sininakwanise kufika. Nalila mpaka maso yavimba. Nilemba kuti muzibe vonse mwamene vinayendela kuno, chifukwa pa foni tsiku lija sitinamvane.

Ba malume banachoka pa Chinayi. Ine ninankhala pa khomo, mukati ninali kuyopa. Pa Chibelu, ndiye Loweruka, masana ninali kusoka na manja, chija chili kugunda monga masiku yonse. Mwadzidzidzi zii. Ninangena, napeza chaima. Ninakondwela, nati nitume foni kwa ba neba banu nikuuzeni kuti chafa. Pamene banayankha ninamvela chabe kulila kumbuyo, ati ambuya batisiya manje manje. Ninakuwa pa foni kuti na chinthu chija chaima manje manje. Siniziba ngati ninachita bwino kukamba, vinachoka veka pakamwa.

Ninathamangila kuli ba papa. Pa Sondo pambuyo pa mapemphelo banabwela na tchalitchi yonse, na banthu ba mu komboni banakonkha. Banachotsa bokosi, baika pa mseu, bathila mafuta yodzoza. Banaphwanya na hamala, thabwa bashoka na moto.

Amama, ninayangana mukati. Munalibe magazi, munalibe njoka olo tsitsi. Munali tumawilo tung'ono na ka tcheni konga ka pa mukosi. Ba papa bakamba ati mzimu unathawa kale pamene unatsiliza nchito yake. Mkuwa banyamata banatola, ati bakataye kutali, koma ninabaona bayenda ku ba sikilapu, bogula vitsulo vakale.

Ba landilodi banachotsa katundu wa ba malume panja. Beve banafika pa Chibili, fumbi thupi yonse. Banaimilila pa mulota, phulusa ya bokosi ija, nthawi itali, bafukula na chala, bapeza ka kiyi. Banabwela kuli ine, bayesa kukamba, pakamwa panjenjema chabe. Banthu banaseka, bena banatola myala. Banayenda, siniziba kwamene bali.

Nikhala kuli mzimai wa ku tchalitchi. Bonse bakamba ati napulumutsa banja. Koma sinigona bwino. Nifuna kubwela kumunzi.

Belinda

Kabanana, Lusaka
14 Julayi 2024

Alongo anga a Judith,

Moni. Kaya mudzawerenga kalatayi kaya mudzaiponya pamoto, ine ndilemba, chifukwa tsiku lija sindinathe kunena kanthu.

Basi inafera m'mapiri, titangowoloka Luangwa. Amene anali ndi zikwama zokha anakwera magalimoto ena. Ine ndinali ndi matumba a ufa wanu ndipo m'thumba munalibe kanthu, ndinakhala pamsewu kudikira chitsulo chokonzera basiyo chochokera ku Lusaka. Loweruka lija ndinali pansi pa mtengo, ndikuwotha dzuwa, ndikuganiza kuti pofika pano wotchi yaima ndipo dziko silinagwe. Sindinadziwe.

Lamulungu nditatsika, ndinamva nyimbo ndisanaone nyumba. Zotsatira munaziona nokha, munali pakhomo mutafunda chitenje kumutu. Atsibweni ananditsekera njira nati, "Nena pamaso pa anthu, bwanji chinthu chako chaima ola limene mlongo wanga watsirizika?" Yankho ndinali nalo, alongo. Mtima wa amayi unatopa, chipatala chinanena kale. Wotchi inaima chifukwa inu munati iime, ndipo tsiku lake ndinakulemberani ndekha. Ikanapitirira kuyenda mukanati yawadya, yaima mukuti yawatenga. Zonsezi zinali pa lilime. Chimene chinatuluka ndi "a, a, a" basi, ndipo wina kumbuyo anandimalizira kuti ndavomera, miyala n'kuyamba kugwa. Pakanapanda Blackson kundikokera ku basi, mukanakumba manda awiri. Nkhope ya amayi sindinaione, dothi sindinaponye.

Tsopano ndikulondera nyumba yosatha kumangidwa kuno ku Kabanana, ndimagona pa matumba a simenti. Sabata yatha ndinalimba mtima kupita ku Roma kuti ndikapereke kiyi ndi kunena kuti ndalephera. Ndinapeza lole ikupakira mipando. Mayi amene ankayang'anira anandiuza kuti nyumba yagulitsidwa, mwini wake anamwalira ku Mangalande kumayambiriro kwa Epulo. Epulo, alongo. Pamene ndinkakulemberani kuti ndikudikira mawu, munthuyo anali ataikidwa kale. Palibe anakumbuka kuti kuli wolima maluwa woti auzidwe. Ndikanabwera amayi akadali okhoza kuyenda, tikanakhala pakhonde n'kumaseka za mlezi wa wotchi.

Sindiwada a Nigel, sindimuda Belinda. Ndimadzida ndekha pang'ono. Ndinasunga nthawi ya kwawo kwa eni, ya kwathu inandipita. Mpaka lero m'mawa sinditha kudya, dzanja limayamba lafuna kiyi.

Pempho langa ndi limodzi. Inu nonse munameta maliro atatha, monga mwa mwambo. Ine tsitsi la maliro likadali pamutu. Munthu sadzimeta yekha pa imfa ya mayi wake, amametedwa ndi abale pakhomo pomwe pagwa zovutazo. Ndiloleni ndibwere tsiku limodzi, masana, chimanjamanja. Mundimete, mundionetse pamene agona, ndibwerere. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiwola. Ndidikira yankho kwa Blackson.

Ine mlongo wanu, mwana wa a Nambewe,
Hosea

Chadiza
28 Julayi 2024

Alongo anga,

Kalata yanu sindinaiponye pamoto. Ndinaiwerengera kumunda, ndekha, ndipo sindinaonetse munthu.

Belinda anafika. Salankhula zambiri, wasiya kupemphera mokuwa. Ufa munasiya pamsewu wa kumudzi kuno pothawa uja atsibweni anati uwotchedwe, koma m'mudzi munalibe wina. Ndiwo tinaphikira anthu a pamaliro, onse anadya, ndi ogenda miyala omwe.

Mufuna kudziwa za amayi. Sanavutike kwambiri pomaliza. Kalata yanu yoti mukubwera ndinawawerengera, ndodo anaiika pambali pa mphasa. Lachisanu anatiuza tiwakhazike moyang'ana kumsewu. Loweruka m'mawa anandifunsa ngati dzuwa lakwera, nditavomera anati, "Kaya Hosea wadya." Sanalankhulenso.

Za pempho lanu ndinayesa kuwanyengerera atsibweni ngati maganizo anga. Akana. Anyamata alumbira kuti mukaponda pano sadzaphonyanso, ndipo alamu anu akuti ndikakulandirani ndinyamuke nanu. Ndili ndi ana, mvula ikubwerayi ndiyenera kulima pano. Ine ndikudziwa kuti inali wotchi chabe, koma ndazindikira mochedwa, ndipo ndilibe mphamvu zonenera zimenezi pabwalo. Ndikhululukireni.

Amayi agona kumunsi kwa mtengo wa mbula, pafupi ndi abambo. Ndinaponya dothi kawiri, lachiwiri linali lanu.

M'kalatamu ndakulungamo lezala. Ndi lomwe tinametera ife. Musabwere, alongo. Metani komweko, ndipo mukatero mudye.

Judith